Chigamba Chosowa Diso Lachiwiri

Anzake a pa intaneti ankamutchula kuti Wosesa. Kunyumba anali amake mwana, ku shopu yofotokopa anali asisi a makina, koma dzina limene linamukhala ndi lomwe anamupatsa munthu amene sanaonane naye n'kamodzi komwe.

Anaphunzira za makompyuta ku koleji ali mtsikana, nthawi imene sikirini inkakhala ndi chimsana ngati kabati. Ntchito ya maphunziro akewo sinapezeke. Inapezeka ya mu shopu ya pakona, pakati pa telala ndi wogulitsa mafoni akale: kufotokopa ziphaso, kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito, kusolola mapepala otsamwa m'makina. Inki sinkachoka m'zikhadabo zake. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, bwana wa shopu ankakankha chitseko n'kupita kukadya. Iye ankatsala, n'kutsegula laputopu yake yakale pa tebulo lodulira mapepala.

Mmene analowera m'gulu la anthu osamala chiyankhulo china cha makompyuta si nkhani yoti n'kusimba. Anapeza kacholakwika, anakakonza, wina wake kutali anati zikomo. Zikomo ameneyo ndiye anamukola mwendo.

Chiyankhulocho chinali chaulere, ndipo ambiri mwa ochisamala sankalandira kanthu. Mtima wake unali pulogalamu imene ankaitcha womasulira, yowerenga zimene munthu walemba n'kuuza makina chochita. Amene anamanga womasulirayo kalelo ankaganiza kuti womasulirayo adzakhala yekha mpaka muyaya, ngati munthu wokhala yekha mumpanda. Ndiye katundu wake ankangomusiya pabwalo. Mawu amene wakumana nawo kale, chikumbutso cha cholakwika chomaliza, chiwerengero cha amene akugwira chinthu chakutichakuti, zonsezi zinali poyera, wodutsa aliyense n'kugwira. Ali yekha zinalibe vuto. Koma makina anakula, ndipo anthu anafuna kuti omasulira angapo azigwira ntchito nthawi imodzi mu pulogalamu imodzi. Apo m'pamene panagona nkhani. Uyu wataya chinthu chimene mnzake akuchigwiritsabe ntchito, uyo walemba pamwamba pa za mnzake, pulogalamu yonse n'kugwa popanda wodziwa chimene chaigwetsa. Pothawa ndewu, akale anaika loko mmodzi pageti. Mmodzi akalowa, ena onse adikire panja.

Kuti lokoyo adzachoke, pankafunika munthu wotola zinthu za pabwalozo chimodzichimodzi, kufufuza aliyense amene amachigwira, n'kuchisamutsira m'chipinda, womasulira aliyense akhale ndi chake. Zinali mazanamazana. Palibe amene ankaifuna ntchitoyo, chifukwa ikayenda bwino sipaoneka chatsopano, koma ikalakwika dzina lako limamveka dziko lonse. Iye anaiyamba osauzidwa, monga momwe munthu amatolera chikho chimene wina wasiya pakhomo.

Gululo linali ndi lamulo limodzi losaphwanyika. Zosintha zilizonse, zimene ankazitcha chigamba, sizinkalowa mpaka munthu wina wodziwa mbali imeneyo atawerenga mzere ndi mzere n'kuvomera. Ankati diso lachiwiri. Ngakhale atsogoleri a gululo sankadzivomera okha.

Diso lake lachiwiri anali Akakowa. Palibe amene ankadziwa nkhope yawo, chifukwa pamalo pa chithunzi chawo anaikapo kakowa woima ndi mwendo umodzi. Anali munthu wachikulire, wa kutali kwambiri, ndipo ndiwo anayambitsa dzina lija.

"Mwasesanso kuseri kwa kabati, Wosesa?" ankalemba motero. "Zili bwino, koma taonani mzere wa m'munsiwu, mwasiyapo kachitsotso."

Iye ankakonza, iwo n'kuvomera, chinthu chimodzi n'kuchoka pabwalo. Zinayenda choncho zaka zambiri. Pa zaka zomwezo anawerengeranso anthu osawerengeka zigamba zawo, ophunzira ndi mainjiniya a makampani akuluakulu omwe, pakuti chigamba chilichonse chokhudza pabwalo makina ankangochitumiza kwa iye.

Kunyumba kunalinso bwalo lake. Amuna ake anali owotcherera zitsulo, munthu wanthabwala, wobwera madzulo maso ali psuu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. M'chipinda choyandikana ndi khitchini munkagona apongozi ake, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuchapa zofunda dzuwa lisanakwere, zonsezi sizinapatsidwe kwa munthu pa msonkhano uliwonse wa banja. Zinangomupeza, monga babu la pakhonde likapsa, kapena mpopi ukayamba kudontha. Chinthu cha aliyense m'nyumbamo mwini wake anali amene wayamba kuchiona, ndipo woyamba kuona anali yemweyo masiku onse.

"Amake mwana, anzanu a m'kabokosiwo amadziwa kuti muli pabanja?" amuna ake ankafunsa akamupeza Lamlungu masana akugogoda kiyibodi.

"Amadziwa kuti ndili ndi laputopu."

"Nanga akadzakupatsani mendulo tidzaipachika pati? Ndiwotchereretu kokolowekapo?"

"Wotchererani kaye mwendo wa bedi la amayi, bambo. Ukulira kuposa odwalawo."

Apongozi, amene makutu awo sanafe nawo, ankaponyamo mawu ali m'chipinda. "Mpongozi! Amuna amene mumacheza nawo m'galasiwo alibe akazi awo?"

"Ali nawo, amayi. Nawonso akudandaula."

Pang'ono ndi pang'ono bwalo la womasulira linayera. Panatsala chinthu chimodzi chachikulu, nkhokwe ya mawu imene mbali zonse za pulogalamu zinkatapamo. Chimenecho chikanasamuka, loko wa pageti akanakhala wopanda chifukwa chokhalira. Anachisoka chigamba chake miyezi yambiri, nkhomaliro ndi nkhomaliro, mpaka chinakula kuposa zonse zimene anasokapo. Tsiku limene anachipereka anagula fanta n'kumwa yekha pa tebulo lodulira mapepala.

Yankho la Akakowa linabwera sabata yomweyo, ndipo silinali la chigamba.

"Wosesa, ine ndafika pamapeto. Akazi anga akudwala, nazo zala zanga zayamba kunjenjemera. Ndayesa kuwerenga, mutu ukukana. Tsache lanu ndimalidziwa, silisiya zambiri. Wina awerenga."

Kakowa uja anakhalabe pa sikirini, ataima ndi mwendo umodzi, koma sanayankhulenso.

Inali nyengo yomweyo pamene Wosesa anayamba kugunda ngodya ya tebulo ndi chiuno. Kasitomala ankatha kuima pambali pake n'kutsokomola kawiri iye osamuona. Bwana wa shopu ankati, "Asisi, mukugona muli maso?" Dokotala wa maso atamuunika anati maso ake akufa kuyambira m'mbali, ngati nsalu yoyamba kutha m'mphepete. Mankhwala odontheza achedwetsa, koma chapita sichibwera.

"Ndipo muchepetse kuyang'ana makompyuta, mayi."

Anavomera ndi mutu. Atafika ku shopu anakulitsa zilembo.

Chigamba chikamadikira sichikhala mmene wachisiyira. Anthu ena ankapitiriza kusintha womasulira tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense akakhudza mzere umene iye anakhudzanso, chigamba chake chinkasiya kukwana. Ankayenera kuchisula pamenepo n'kusokanso kuti chigwirizane ndi zatsopano. Akamaliza, wina wasinthanso pena. Kuwonjezera apo, gululo linali ndi loboti yosesa zigamba zoiwalika. Chigamba chikakhala chete nthawi yaitali, lobotiyo inkalemba kuti, "Pano pakhala zii. Ngati palibe woyankha, chigambachi chitsekedwa." Ndiye iye ankayankha mawu awiri omwewo nthawi zonse: "Chikadali moyo."

Anapempha diso lachiwiri kwa amene iye anawawerengerapo. Sanali munthu wodziwa kukumbutsa anthu zabwino zimene anawachitira, choncho ankangolemba kuti, ngati muli ndi mpata. Mayankho anali okoma. Ntchito yaikulu iyi. Tikuthokoza kwambiri. Pansi pa chigambacho panadzaza timitima ndi zala zoloza kumwamba. Koma kuwerenga kunkafuna masabata, ndipo wovomera ankasenza nawo mlandu zinthu zikadzagwa.

Mmodzi yekha anaoneka ngati atha, injiniya wolipidwa ndi kampani ina yaikulu.

"Chakula kwambiri ichi," analemba. "Chiduleni tizidutswa, ndiziwerenga kamodzikamodzi."

Anadula zimene zinkaduka, ndipo tizidutswa tating'ono tinalowa. Koma pakati pakepo sipankaduka. Anamufotokozera kuti nkhokweyo ikakhala theka pabwalo theka m'chipinda, womasulira wina adzataya mawu amene mnzake akuwagwirabe, ndipo zidzaipa kuposa kale. Bedi lokhala ndi wodwala salisamutsa miyendo iwiri lero, iwiri mawa.

"Ndamva. Tikangomaliza zimene tapanikizika nazo kuno, ndikhalira pansi."

Sanali kunama. Koma asanakhale pansi, kampani yake inamusamutsira ku ntchito ina, ndipo anatsanzika mwaulemu. Atsogoleri a gulu atakumana kukonza zotulutsa womasulira watsopano, analemba kuti ntchito ya Wosesa ndi yofunika kwambiri, koma palibe amene angaichitire umboni, choncho idikire ulendo wotsatira. Ulendo wotsatira analembanso zomwezo, mawu ake osasintha kwenikweni.

Zilembo zinapitiriza kukula pa sikirini yake mpaka mzere umodzi unkaduka patatu. Lamlungu lina amuna ake anamupeza ataika mphuno pafupi ndi galasi, misozi ikutsika yokha.

"Mufuna kulowamo? Tasunthani, ndikuwerengereni."

"Simungathe, bambo."

"Ine? Ndinawerenga mapulani a geti la sukulu atalembedwa ndi munthu woledzera."

Anakoka mpando, anapukuta zala pa buluku, n'kuyamba. "Apa pali mawu achizungu atatu omata pamodzi ngati alibe pogona. Kenako kachitsulo kopindika kotsegula. Kanyenyezi. Mawu ena. Kachitsulo kotseka. Kadontho kokhala ndi mchira."

"Kanyenyeziko kali kutsogolo kwa mawu kapena kumbuyo?"

"Zilinso ndi kusiyana?"

"Kusiyana kwake n'kwa chitseko ndi kiyi."

"Kutsogolo. Iii, amake mwana, zaka zonsezi mumadya zimenezi?"

Anawerenga mpaka dzuwa linapendeka, iye akutsinzina n'kumawauza pofufuta ndi polemba. Anasoka malo ochepa chabe, koma anasoka. Amuna ake anadziwongola msana ukulira.

"Basi, ndakhala diso lachiwiri. Auzeni anzanuwo kuti ndavomera."

"Diso lanu silidziwika kumeneko."

"Diso lowotcherera mageti tauni yonse ino?"

"Amafuna wodziwa mbaliyo."

"Ndipo wodziwa mbaliyo ndani?"

Wodziwa mbaliyo anali iye mwini. M'chipinda muja apongozi anaitana kuti afuna kutembenuzidwa, ndipo iye anadzuka.

Nyengo yozizira itafika, apongozi anagwidwa ndi chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Pankafunika wowadikirira. Mlamu wake, mlongo wa amuna ake, anali ndi ntchito ya mu ofesi yosati n'kujomba. Amuna ake anali ndi mawindo a anthu oti amalize. Nkhaniyo sinakambidwe n'komwe. Anapempha tchuthi ku shopu, anakulunga zofunda, beseni ndi fulasiki, n'kukakhala pa mpando wachitsulo pambali pa bedi. Laputopu anaisiya kunyumba, pakuti m'wodi munalibe poibisa.

Masabata anadutsa ali pakati pa bedi, mpopi ndi windo lolandirira mankhwala. Ankadziwa kuti nthawi ya loboti yayandikira. Masana ena foni inanjenjemera m'thumba, ndipo ataitulutsa anaona mizere yotuwa yokhayokha, zilembo zake ngati nyerere. Inali nthawi yoona odwala, ndipo mlamu wake anali atabwera ndi malalanje.

"Alamu, tandiwerengerani apa."

Mlamu anatambasula dzanja, n'kukweza magalasi. "Zachizungu. Akuti chinachake chitsekedwa ngati simuyankha. Mwatenga ngongole pa foni, alamu?"

"Ayi. Ndithandizeni kuyankha. Mungolemba kuti chikadali moyo."

"Ndani ali moyo? Amayi?"

"Chigamba. Ndi za ntchito ija ya pa kompyuta."

"Ija yosalipira ija? Inu alamu muli ndi mtima, ine sindingathe." Anadina. "Ikufuna mawu achinsinsi."

Anamuuza chilembo ndi chilembo, chachikulu apa, nambala apo. Mlamu anali ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto, ndipo zinkadina ziwiri nthawi imodzi. Foni inakana. Anayesanso, inakananso. Ulendo wotsatira inati ayesenso nthawi ina, yatseka kaye pofuna kuteteza mwini wake.

"Yakwiya," anatero mlamu akuseka. Belu lotulutsa alendo linalira. "Mawa, alamu, ndibwera ndi mtima wofatsa. Malalanjewo muziwafinyira, asamameze njere."

Mawa lakelo mlamu sanabwere, kunali msonkhano ku ofesi. Tsiku lomwelo apongozi anabanika, anamwino anathamanga ndi botolo la mpweya, ndipo masiku otsatirawo iye sanaganize za china koma chifuwa chokwera ndi kutsika chija. Amuna ake ankafika ndi chakudya atatopa, maso ofiira, n'kukhala pansi kuyang'ana mayi awo. Kawiri konse iye anatsegula pakamwa kuti awapemphe za foni. Kawiri konse anaona kuti si malo ake.

Apongozi anachira, ngati kumeneko n'kuchira. Anabwerera kunyumba atapepuka ngati mwana, mawu atachepa. Iye anabwerera ku shopu n'kupeza mulu wa ntchito ukumudikira. Bwana atapita kukadya, anatsegula laputopu pa tebulo lija.

Pamwamba pa chigamba chake panali chizindikiro chofiira, chachikulu moti anachiwerenga osayandikira. Chatsekedwa. Pansi pake loboti inathokoza chifukwa cha thandizo lake. Timitima tija tinali pomwepo.

Batani lotsegulanso linalipo, ndipo palibe amene akanamuletsa. Asanalidine anayesa kaye kuona ngati chigambacho chikukwanabe. Makina anayamba kutchula malo osagwirizana, ndipo mayina a mafayilo anatsika, natsika, mpaka anasiya kutsatira. Anatsegula imodzi. Pamene iye anali kuchipatala, mainjiniya awiri a kampani ina anawonjezera zinthu zatsopano zofulumizitsa womasulira. Zinali zanzeru ndithu. Koma anaziika pabwalo, n'kuzimangirira ku nkhokwe ya mawu ija ndi zingwe zambirimbiri. Makina anali atatumiza zigamba zawozo kwa iye monga mwa masiku onse, ndipo mainjiniyawo atadikira osayankhidwa, anawerengerana okhaokha. Wina analemba, mnzake anavomera. Lamulo silinaphwanyidwe.

Anawerenga fayilo imodziyo mpaka pakati. Pa sikirini pankakwana mawu ochepa, ndipo akafika kumapeto kwa mzere chiyambi chake chinali chitamira mu mdima wa m'mbali. Ntchito yotereyi ankaidziwa kukula kwake monga mayi adziwira mulu wa zochapa asanaukhudze. Inali ya miyezi yambiri kwa munthu wa maso awiri abwino. Ndipo ikanatha, ikanakhalanso pomwe paja kudikira woiwerenga.

Madzulo amuna ake anamupeza akutsuka fulasiki.

"Anzanu aja akuti bwanji? Anakusowani?"

"Anatseka."

"Ndiye tsegulani. Lamlungu ndikuwerengerani, tinyenyezi tija ndatizolowera."

"Ma Lamlungu ake sangakwane, bambo."

"Tiyese."

"Amayi akufuna pilo wina, uja wafota. Mukaone ku msika."

Amuna ake anatenga ndowa n'kupita kukasamba.

Laputopu anapitabe nayo ku shopu, mwina chifukwa chikwama chikanapepuka modabwitsa. Masiku angapo sanaitsegule. Tsiku lina masana, mvula ikuwaza pa malata a khonde, anaitsegula kuti aone ngati mwana wake watumiza zithunzi. M'malo mwake anapeza uthenga wa munthu wosamudziwa, wopanda ngakhale chithunzi. Chinali chigamba choyamba cha munthuyo, kakang'ono, kokonza kanthu kamodzi kokhudza pabwalo. Chinali chitakhala nthawi yaitali, ndipo loboti inali itachenjeza kale. Pansi pake munthuyo analemba kuti, "Pepani kuvutitsa. Kodi alipo amene angandiwerengere, ngati ali ndi mpata?"

Anadontheza mankhwala m'maso, anadikira kuti kuwawa kuphwe, n'kukokera mpando pafupi. Mizereyo inali yochepa. Anaiwerenga ndi chala pa galasi, liwu ndi liwu, kubwerera kawiri pamene panali kanyenyezi. Zinamutengera nkhomaliro yonse.

"Zili bwino," analemba. "Koma taonani mzere wa m'munsiwu, mwasiyapo kachitsotso. Mukakonza ndivomera."

Yankho linabwera asanachotse dzanja pa kiyibodi, lodzaza ndi zikomo. Sanalimalize kuwerenga. Chitseko chinakankhidwa, bwana analowa akukutumula ambulera, kumbuyo kwake kuli bambo wina atakumbatira envelopu pachifuwa.

"Asisi, awa akufuna makope a ziphaso, achangu. Makina aja munawakonza? M'mawa anatsamwanso."

Anatseka laputopu, chigamba chake chachikulu chija chili chofiira mmene chinalili. Anagwada pambali pa makina ofotokopa, anatsegula kachitseko ka m'mbali, n'kulowetsa dzanja. Mkatimo sankaonamo kanthu. Anapapasa ndi zala mpaka anagwira nsonga ya pepala, n'kuyamba kulisolola pang'onopang'ono kuti lisang'ambike.